Wovulala Amadzutsidwa ndi Wovulala Mnzake

Ana anga ndi abale anga, akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Nkhani imene ndakutengerani lero ndi yachilendo, yochokera ku Israel, kumene asilikali ovulala pankhondo aphunzira kudzutsana okhaokha pamodzi ndi mabanja awo. Mlandu wa nkhondo ya kumeneko ndi waukulu, uli ndi mabwalo ake, ndipo misozi yake yagwa mbali zonse ziwiri. Ine ndagwira nthambi imodzi yokha ya nkhaniyo. Mwana wa munthu akabwerako kunkhondo mwendo utatsala komweko, kapena thupi lili lamphumphu koma tulo titamuthawa, ndani angamudzutse kuti akhalenso munthu pakati pa anthu? Patapita zaka zambiri za maliro ndi mabala, anthu a kumeneko anaona kuti dokotala amasoka thupi, boma limapereka ndalama, koma mtima wofuna kukhalanso ndi moyo kawirikawiri umabwera ndi munthu amene anagonapo pa bedi lomwelo.

Tiyambe tadziwa kukula kwa katunduyu. Ku Israel usilikali umalowa m'nyumba zambiri. Anyamata ndi atsikana ambiri achiyuda, pamodzi ndi anyamata a mtundu wa Druze, amaitanidwa ndi lamulo akakwanitsa zaka 18. Akamaliza nthawi yawo amabwerera kusukulu, kumunda kapena kuntchito, koma maina awo amatsala m'kaundula kuti zinthu zikavuta aitanidwenso. Ndi mmene zinakhalira gulu la Hamas litaukira kum'mwera kwa dzikolo pa 7 Okutobala 2023 n'kupha anthu pafupifupi 1,200. Nkhondo ya ku Gaza itayamba motero, boma linaitana anthu otere oposa 300,000. Ambiri mwa iwo anali aphunzitsi, alimi, amalonda, abambo osiya makanda kunyumba. Choncho chipolopolo chikalasa mmodzi, nyumba yonse imamva kuwawa.

Pali chinanso. Ambiri amene pa nkhondo zakale akanafera pomwepo, masiku ano akupulumuka. Msilikali amayenda ndi lamba womangira mwendo kapena mkono kuti magazi asathe, achipatala amatha kumuika magazi asanafike n'komwe kuchipatala, ndipo helikopita imamutula msanga ku Soroka mumzinda wa Beer Sheva kapena ku Sheba mumzinda wa Ramat Gan. Ichi n'choyamika. Koma wopulumuka wotereyu amadzuka ali ndi mabala amene kale munthu sankakhala nawo moyo: miyendo yodulidwa, msana wothyoka, maso owonongeka, khungu lopsa, ubongo wogwedezeka. Nthambi ya Unduna wa Zachitetezo yosamalira asilikali ovulala inali kale ndi anthu pafupifupi 62,000 a nkhondo zam'mbuyo. Pofika mu Ogasiti 2024 inali italandira ena oposa 10,000, ndipo m'chaka cha 2025 chiwerengero cha atsopanowa chinapitirira 20,000, oposa theka la iwo akuvutika m'maganizo. Palibe dziko limene lili ndi madokotala okwanira kukhala pambali pa anthu onsewa usiku uliwonse.

Masiku oyamba wovulala sasowa anthu. Ayuda amalemekeza mwambo wozonda odwala monga momwe ifenso timachitira, ndipo miyezi yoyamba ya nkhondoyi m'zipinda za ku Sheba munkadzaza alendo: oimba otchuka, akuluakulu a boma, amayi onyamula zakudya. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pakapita miyezi oimba apita, anzake a m'gulu lake abwerera kunkhondo kapena kuntchito, atolankhani atembenukira ku nkhani zina. Apo m'pamene ulendo weniweni umayambira: mafizo a tsiku ndi tsiku, maopaleshoni obwerezabwereza, kuphunziranso kusamba, kuvala ndi kukwera masitepe. Apo m'pamenenso munthu amayamba kudzifunsa mumtima ngati kupulumuka kwake kunali mwayi kapena tsoka.

Tsono taganizani. Pa nthawi ngati imeneyo chitseko chikutseguka, n'kulowa munthu amene wodwalayo sanamuonepo. Akukhala pampando, akupinda buluku, akuvula mwendo woyikirira n'kuuimika pambali pa bedi. Akuti, “M'bale wanga, ine ndinagona m'chipatala chino zaka zapitazo. Lero ndabwera ndikuyendetsa ndekha galimoto, ndipo ndikachoka pano ndikukatenga mwana wanga kusukulu. Funsa chilichonse.” Mawu akuti udzayendanso anali atanenedwa kale ndi dokotala, ndi mayi ake, ndi mtsogoleri wa chipembedzo. Wodwalayo ankangovomera mwaulemu, mumtima akuti inu mukunena muli ndi miyendo yanu iwiri. Kwa mlendo uyu sangayankhe choncho, pakuti umboni waima pambali pa bedi.

Mafunso amene amatuluka pamenepo ndi aja munthu sangafunse mayi ake. “Phazi linadulidwa, nanga bwanji usiku likumandipwetekabe? Kodi mutu wanga wayamba kusokonezeka?” Mnzakeyo amamuuza kuti ayi, zimachitikira ambiri odulidwa, ndi mitsempha ndi ubongo zimene sizinazolowere kuti phazilo kulibe, ndipo madokotala ali ndi njira zochepetsera ululuwo. Amamuchenjeza kuti pamene anadulapo pamaphwa pakapita miyezi, mwendo woyikirira woyamba n'kuyamba kukhwepa ndi kuyambitsa zilonda, choncho asapirire mwakachetechete koma abwerere akamukonzere. Amamuonetsa kudzuka kwake munthu akagwa m'bafa ali yekha. Amamuuza mapepala oyenera kusunga pokaonekera ku komiti ya madokotala imene imayeza kulumala kwa munthu ndi kugamula chipukuta misozi chake. Ndipo mawu akatsika, pamabwera funso limene lakhala likumudya: “Kodi mkazi wanga adzandifunabe? Kodi ndidzabereka?” Safunsa anadya phula, koma munthu amafunsa kwa amene akudziwa kuti samuseka.

Nzeru imeneyi sanaisiye kuti izingochitika mwamwayi. Anaimangira nyumba. M'chaka cha 1949, nkhondo ya 1948 itangotha, kunakhazikitsidwa bungwe la asilikali olumala lotchedwa Zahal Disabled Veterans Organization, limene atsogoleri ake amachokera pakati pa ovulala omwewo. Bungweli lili ndi malo ake otchedwa Beit Halochem: a ku Tel Aviv anatsegulidwa mu 1974, a ku Haifa mu 1986, a ku Jerusalem mu 1994, a ku Beer Sheva mu 2011. Kumeneko kuli madamu osambira, zipinda za mafizo, mpira wamanja wosewera pa njinga za olumala, zojambula, ngakhale kuvina. Mkazi ndi ana a wovulala amaloledwa kupita naye, kuti malowo asaoneke ngati chipatala china. Koma chuma chenicheni cha malowa ndi anthu okumana m'menemo. Mnyamata wovulala ku Gaza amasambira pafupi ndi gogo amene anavulala pa nkhondo ya 1973, ndipo popanda wina kumulalikira amaona ndi maso ake kuti munthu angathe kukhala zaka 50 ndi bala lotere, n'kukwatira, n'kugwira ntchito, n'kuona zidzukulu.

Mu 2007, itangotha nkhondo yachiwiri ya ku Lebanon ya 2006, asilikali ena ovulala anayambitsa gulu lawolawo lotchedwa Brothers for Life. Maziko ake ndi amodzi: wovulala athandize wovulala mnzake. Mamembala ake amayenda m'zipatala kufunafuna ovulala atsopano, ndipo amayesetsa kuti amene akukacheza ndi munthu akhale wodziwa bala la mtundu womwewo. Chibale chimenechi sichithera pa chipata cha chipatala. Chimapitirira munthu akamafuna sukulu, ntchito kapena chithandizo china, ndiponso usiku uja akafuna woti amuimbire foni. Paja amati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Mukafuna kuona chipatso cha malo otere, kumbukirani Noam Gershony. Mu Julaye 2006 helikopita yankhondo imene ankayendetsa inawombana ndi inzake kumpoto kwa Israel. Mnzake amene anali naye anafa, iye anapulumuka mafupa atathyokathyoka. Atatuluka m'chipatala anayamba kusewera tenisi ali pa njinga ya olumala, ndipo mu 2012 anapata mendulo yagolide pa masewera a Paralympics ku London. Komabe ndikuchenjezeni, ana anga: musamayeze wovulala aliyense ndi mendulo. Ambiri sadzakwera pa nsanja iliyonse. Wina chipambano chake ndi tsiku limene wakwera basi yekha, wina ndi tsiku limene wagona mpaka kucha. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Wothandiza wanzeru amakondwerera sitepe imene mnzake wafika, osamuloza phiri limene wina anakwera.

Tsopano ndifike pa bala limene silioneka, pakuti ndilo lovuta koposa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnyamata wabwera ndi manja ndi miyendo yonse, abale athokoza Mulungu, phwando lachitika. Koma chitseko chikamenyetseka amadzidzimuka n'kugwa pansi, usiku amatuluka thukuta ndi maloto oopsa, m'nyumba yodyera amakhala moyang'ana khomo, mwana akalira amapsa mtima mosadziletsa, ndipo pamwamba pa zonsezi amadziimba mlandu kuti bwanji iye anatsala anzake atafa. Madokotala matendawa amawatchula kuti PTSD. Wopanda mwendo anthu amamupatsa mpando m'basi. Uyu amamuuza kuti alimbe mtima, paja mwamuna salira. Ine monga wamkulu ndikunena poyera kuti mawu amenewo aika amuna ambiri m'manda nthawi yawo isanakwane. Mwamuna amalira, ndipo amafunika malo oti alirepo osachita manyazi.

Apa akatswiri a ku Israel anapeza chinthu choyenera kuchimva. Pulofesa Zahava Solomon a ku yunivesite ya Tel Aviv anatsatira kwa zaka zambiri asilikali amene anasweka maganizo pa nkhondo ya ku Lebanon ya 1982. Anapeza kuti amene anathandizidwa msanga, pafupi ndi kumene gulu lawo linali, akuuzidwa kuti akuyembekezeka kubwerera kwa anzawo, anachira bwino kuposa amene anatengedwa kupita kutali ndi anzawo. Ngakhale patapita zaka 20 kusiyanako kunkaonekabe. Phunziro lake ndi lomveka: kumuchotsa munthu pakati pa anzake kumakulitsa bala. N'chifukwa chake masiku ano kuli mapologalamu, monga ina yotchedwa Peace of Mind, imene imatenga gulu lonse la asilikali amene anamenyera limodzi nkhondo n'kukhala nawo pansi pamodzi ndi akatswiri a zamaganizo, kuti afotokozerane zimene aliyense anaona tsiku lija. Kawirikawiri munthu amene wasenza mlandu mumtima kwa zaka amamasuka mnzake akamuuza kuti, “Ine ndinalipo, ndinaona. Palibe chimene ukanachita.” Mawu amenewo dokotala sanganene, chifukwa kunalibe.

Komanso wovulalayo ali ndi mbali yake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anzako angagogode, koma loko ali m'kati. Kwa mwana wanga aliyense amene wasenza zoopsa mumtima ndikuti: lankhula. Ku Israel bungwe la NATAL, limene linayamba mu 1998, lili ndi nambala yafoni imene munthu wovutika ndi zoopsa za nkhondo angaimbe. Ena amayambira pamenepo, ena amayambira kwa mnzawo pa kapu ya khofi. Poyambira ndi paliponse, bola kuyamba. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Nanga a kunyumba? Apa ndipo ndikufuna mutchere khutu, chifukwa wodwazika matenda amaiwalika kulikonse. Aliyense wolowa m'chipinda amafunsa kuti, “Wagona bwanji wodwalayu?” Palibe amafunsa mkazi amene wagona pampando miyezi, amene wasiya ntchito, amene ana wawatula kwa agogo awo, kuti, “Nanga inu mayi, mwadya?” Akabwerera kunyumba, mkaziyo amasanduka namwino, dalaivala, mlembi wa mapepala a boma, ndiponso mlonda woyang'ana nkhope ya mwamuna wake kuti adziwe ngati lero kuli bata kapena mkuntho. Ana amaphunzira kuyenda monyang'ama m'nyumba yawo yomwe. Kafukufuku wa Pulofesa Solomon yemweyo anaonetsa kuti akazi a asilikali ovutika m'maganizo nawonso amayamba kuonetsa zizindikiro zofanana ndi za amuna awo, ngakhale kunkhondoko sanapondeko. Utsi wa nkhondo umalowa m'nyumba ndi munthu amene wabwerako.

Mkazi wotereyu ali ndi mawu amene sangauze apongozi ake, ngakhale mayi ake omubala. Sanganene kuti watopa. Sanganene kuti nthawi zina amalira mwamuna amene anapita kunkhondo, chifukwa amene anabwerayo ndi wina. Akanena, anthu amuyesa wosayamika, pakuti ena amuna awo anabwera m'bokosi. Koma akakhala pansi ndi mkazi mnzake amene anadutsa momwemo zaka zapitazo, mawu amatuluka okha, ndipo amamva yankho limene limamasula chifuwa: “Inenso ndinkamva choncho. Sindiwe woipa, watopa chabe.” N'chifukwa chake mabungwe a kumeneko ayamba kusonkhanitsa akazi paokha ndi makolo paokha. Makolonso ali ndi mtolo wawo. Bambo amene ankayembekeza kuti mwana adzamusunga pa ukalamba, lero akumunyamula kupita naye kubafa. Mayi akufuna kumuchitira chilichonse, osadziwa kuti chikondi chopitirira chingamufooketse mwanayo. Ndi kholo linzake lokha limene lingamuuze mofatsa kuti, “Amayi, musiyeni amange yekha nsapato, ngakhale zimutengere ola.” Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la nyumba ya wovulala ndi lolemera kuposa ena.

Koma ndingakhale ndakunamizani ndikati chibale chokha n'chokwanira. Mphika umakhazikika pa mafuwa atatu, ndipo apa mafuwawo ndi achipatala, boma ndi anzake a munthu. Limodzi likachoka, mphika umagubuduka. Anthu a ku Israel anaphunzira zimenezi mowawa. Mu Epulo 2021 mnyamata wina, Itzik Saidyan, amene anamenya nawo nkhondo ku Shejaiya mu Gaza m'chaka cha 2014 n'kutaya anzake angapo, anadziyatsa moto kunja kwa ofesi ya nthambi yosamalira asilikali ovulala ku Petah Tikva. Anali atavutika zaka zambiri ndi matenda a m'maganizo, akuona kuti madandaulo ake sakumveka mokwanira. Anapulumuka atagona nthawi yaitali ku Sheba. Asilikali olumala anadzaza m'misewu, ndipo boma linakakamizika kuyamba kusintha kasamalidwe ka ovulala pansi pa ndondomeko yotchedwa Nefesh Achat. Onani kuti anali ovulala anzake amene anakweza mawu mpaka akuluakulu anamva. Choncho ntchito ya chibale ili pawiri: kugwira mnzako dzanja, ndi kuimirira naye pakhomo la ofesi kufikira atalandira zake. Boma limene linatuma mwana wa munthu kunkhondo lisabisale kumbuyo kwa anthu ongodzipereka. Ngongole ndi yake.

Kwa amene mukufuna kukhala wothandiza mnzanu, ndili ndi mawu angapo. Choyamba, musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pali ovulala amene tsiku loyamba amatembenukira kukhoma, osafuna kuona munthu. Musakhumudwe, ndipo musamukakamize. Siyani nambala yanu, mubwerenso sabata yamawa. Chachiwiri, musapikisane mabala. Mawu akuti “ine zanga zinali zoopsa kuposa zako” amatseka pakamwa pa mnzanu mpaka kalekale. Nkhani yanu muinene pang'ono, yongokwanira kutsegula chitseko, kenako khutu ligwire ntchito. Chachitatu, sungani chinsinsi. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Zimene mnzanu wakuuzani usiku ali m'misozi zisakamveke pa bwalo. Chinsinsi chimodzi chokha ndicho simuyenera kusunga: akayamba kunena zodzichotsera moyo, musamusiye yekha, ndipo thamangirani kwa achipatala ndi kwa abale ake. Kuli bwino akukwiyireni ali moyo.

Chachinayi, dziwani polekezera nzeru zanu. Kukhala ndi bala sikukusandutsani dokotala. Musauze mnzanu kuti asiye mankhwala chifukwa inu munasiya. Ndipo chenjerani ndi chibale chimene chimangokumana pa botolo. Gulu la ovulala lingathe kukhala malo ochirira, lingathenso kukhala malo omwera mowa ndi kudyetsana mkwiyo, aliyense n'kubwerera kunyumba ali woipirapo. Muyeso wake ndi wapafupi: kodi munthu akachoka pagulupo amakafika kwa mkazi ndi ana ake ali wofatsirapo? Ngati ayi, gululo lasochera. Chachisanu, wothandizanso amafuna womuthandiza. Kumva nkhani ya mnzako kumatukula zipsera zako zomwe. Pali nkhani yakale ya Ayuda ya mphunzitsi wina, Rabbi Yohanan, amene ankazonda anzake odwala n'kuwagwira dzanja, iwo n'kudzuka. Tsiku lina anadwala yekha, ndipo anachita kubwera mnzake, Rabbi Hanina, kudzamugwira dzanja. Anzeru awo anaona pamenepo kuti ngakhale wodziwa kudzutsa ena sangadzidzutse yekha.

Ndipo apa pali chinsinsi chachikulu cha ntchito yonseyi. Amene amapita kukazonda nayenso amachira. Msilikali ndi munthu amene anazolowera kudaliridwa. Akavulala amasanduka wongolandira: wina amusambitse, wina amuyendetse, wina amulembere kalata. Kulandira kosalekeza kumadya ulemu wa munthu ngakhale opatsawo ali ndi mtima wabwino. Tsiku limene wauzidwa kuti, “Ku chipinda chakuti kwabwera mnyamata wovulala ngati iwe, pita ukamuone,” ndi tsiku limene bala lake lapeza ntchito. Chimene chinali chomuchititsa manyazi chasanduka chiphaso cholowera pamene ena sangalowe. Lende n'kukankhana. Wokankhidwa lero ndiye wokankha mawa, ndipo umo ndi mmene ovulala a 1973 anagwirira dzanja a 1982, a 2006 n'kugwira a 2014, ndipo onsewa lero akuyenda m'makonde a zipatala kulandira a nkhondo imene inayamba mu 2023.

Sindingatseke pakamwa osatchula a tsidya lina la mpanda. Ku Gaza anthu zikwi makumimakumi afa, ndipo mabungwe a United Nations akhala akunena za ana ambirimbiri odulidwa manja ndi miyendo m'dera limene zipatala zambiri zinagumulidwa. Mwana wotero alibe damu losambira, alibe malo a mafizo okwanira, mwina alibenso kholo lomudwazika. Bala silifunsa mtundu wa munthu, ndipo amene wamvetsa kulira kwa mayi wa msilikali ku Sheba ayenera kumvanso kulira kwa mayi wa ku Khan Younis mu Gaza. Ena a ku Israel ndi ku Palestine anazindikira zimenezi kale. Mu 1995 a Yitzhak Frankenthal, amene mwana wawo wachisilikali anaphedwa ndi a Hamas chaka cha 1994, anayambitsa gulu lotchedwa Parents Circle, mmene mabanja ofedwa a ku Israel ndi a ku Palestine amakhalira pansi limodzi. Nzeru yake ndi yomweyi: amene walawa chowawa ndiye amamva mnzake wolawa chomwecho. Ndipo chithandizo choposa zonse chimene atsogoleri angapatse ovulala a mbali zonse ndi kuleka kuwonjezera chiwerengero chawo.

Tsono inu mukuti, zonsezi zikutikhudza bwanji ife? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nafenso timatuma ana athu ku ntchito yosungitsa mtendere. Mu Novembala 2018 asilikali 6 a Malawi anafa pafupi ndi Beni ku Democratic Republic of Congo, ndipo anzawo amene anali nawo tsiku limenelo anabwerera kwawo ndi zimene anaona. Chaka ndi chaka mu Novembala timaika nkhata pa zipilala pokumbukira akufa, ndipo n'koyenera. Koma amoyo amene anabwera ndi mabala, ooneka ndi osaoneka, amakumana kuti? Akazi awo amakhuthulira kwa yani? Nzeru yothandizana odwala okhaokha si yachilendo kwa ife. Tinaiona pa nthawi imene Edzi inkatha anthu, pamene magulu a anthu amene ali ndi kachilombo ankalimbikitsana kumwa mankhwala ndi kuyenda poyera mopanda manyazi. Chimene chinatheka pamenepo chingathekenso kwa msilikali wopuma, kwa mnyamata wa kabaza amene wadulidwa mwendo pangozi, kwa mayi amene anaona ana ake akukokoloka ndi namondwe. Sipafunika nyumba yagalasi kuti tiyambe. Pafunika mthunzi wa mtengo, tsiku lokhazikika, ndi anthu osunga pakamwa.

Choncho ndikupempheni, ana anga ndi abale anga. Inu akuluakulu a asilikali, a zipatala, a mipingo ndi a mizikiti, funani anthu amene anavulala n'kuchira, muwaphunzitse kumvetsera, muwatsegulire zitseko za zipinda za odwala, ndipo musaiwale kusonkhanitsa akazi ndi makolo awo. Inu achibale ndi anansi, musathere mphamvu zonse pa sabata yoyamba. Sungani phazi lina la mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, ndipo mukafika mufunsenso wodwazikayo kuti wagona bwanji. Ndipo inu amene muli ndi chipsera chimene chinapola, musachibise pansi pa malaya. Pali wina lero amene wagona chotembenukira kukhoma, ndipo mawu amene angawakhulupirire ali m'kamwa mwanu. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Nyamukani, mukamuone sabata ino.